Manambala a banki mkhonde akumwazikana pa foni: tebulo labwino limakonzedwa bwanji?

Funso

"Ine ndine mlembi wa banki mkhonde kuno kwa Ngabu, m'boma la Chikwawa. Tilipo anthu 25, ambiri ndife amayi olima chitowe ndi thonje, ena amaoda nsomba ku Elephant Marsh. Sheya imodzi ndi K2,000. Tikakumana ndimalemba masheya, ngongole ndi zindapusa m'kope, kenako ndimatumiza mndandanda pa WhatsApp kuti amene sanabwere aone. Pa foni yanga manambala amakhala pamzere bwinobwino, koma kwa anzanga amafika atamwazikana, ndalama ya wina nkuoneka ngati ili pa dzina la wina. Mwezi watha amayi awiri anayambana chifukwa cha zimenezi. Pano alangizi a bungwe lina akufuna tebulo la Excel, pulogalamu ya pa kompyuta yopangira matebulo, la mamembala onse ndi manambala awo a foni. Mwana wanga anayesa kundithandiza, koma ziro woyamba wa manambala a foni akusowa, ndipo ndalama zonse pamodzi zikutuluka zochepa kusiyana ndi za m'kope. Kodi ndikulakwitsa pati? Sukulu ndinalekezera fomu 2."

Mlembi wa gulu, Ngabu

Yankho

Mayi, mtima m'malo. Palibe chimene mwaononga, ndipo za fomu 2 zisakuvuteni. Ndakhala zaka zambiri ndikuphunzitsa alembi a magulu ndi a makalabu a alimi kusunga mabuku m'chigwa muno, kuchokera kwa Chapananga kukafika ku Marka, ndipo mavuto mwatchulawa ndimawapeza ngakhale m'maofesi mwa anthu a madigiri. Onse ali ndi chifukwa chake chodziwika, ndipo onse amatheka kukonza.

Ndiyambe ndi kumwazikanako, poti ndi kumene kwayambanitsa anthu. Ndikhulupirira mumalemba dzina, kenako nkudina batani la mpata kangapo mpaka nambala itafika pansi pa inzake. Vuto ndi lakuti zilembo za pa foni sizofanana kukula. Chilembo i ndi chowonda, m ndi w ndi zonenepa, ndipo mpata ndi wowonda kuposa zilembo zambiri. Mizere imene mwaiwongola ndi maso pa foni yanu yawongoka chifukwa cha mtundu wa zilembo za foni yanuyo basi. Mnzanu ali ndi itel ya sikirini yaing'ono, wina anakulitsa zilembo chifukwa maso anayamba kuvuta. Kwa iwo mzere sukwana, umaduka, ndipo nambala ya kumapeto imagwera pansi pomwe pali dzina la munthu wotsatira. Mungawongole chotani ndi mipata, sizidzagwira.

Njira yachidule ilipo. WhatsApp ili ndi mtundu wa zilembo wotchedwa Monospace, momwe chilembo chilichonse ndi mpata uliwonse zimatenga malo ofanana. Mukalemba uthenga, dinikizani chala pa mawuwo, sankhani onse, dinani timadontho titatu timene tikuoneka pambali, ndipo musankhe Monospace. Zimatuluka chonchi:

```
No Sheya Ndalama
01     5  10,000
02     2   4,000
03     3   6,000
```

Taonani kuti mizereyo ndi yaifupi kwambiri, ndipo m'malo mwa dzina ndaika nambala ya membala. Njirayi imagwira pokhapokha mzere usanaduke, choncho ine ndimalangiza kusapitirira zilembo 24 kapena 25 pamzere, kuwerengera ndi mipata yomwe. Makolamu, ndiye kuti mizere yotsika, akhale atatu, osapitirira apo. Mukafuna kuikamo mayina athunthu, ngongole ndi zindapusa, isiyeni njirayi, mujambule tsamba la kope lanu pamalo owala, foni ili chagada pamwamba pa tsambalo, osati chopendekera. Chithunzi sichisuntha nambala. Kungoti WhatsApp imachepetsa zithunzi kuti zisadye bandulo yambiri, ndiye 3 amatha kuoneka ngati 8. Potumiza sankhani HD, kapena mutumize ngati Document.

Koma nkhani yaikulu si foni ayi. Tebulo limakonzedwa m'mutu munthu asanagwire lula kapena kompyuta, ndipo ambiri amalakwitsira pamenepa. Musanajambule mzere uliwonse, dzifunseni kuti mzere umodzi wopingasa uimira chiyani. Munthu mmodzi? Ngongole imodzi? Msonkhano umodzi? Mukasankha, mizere yonse iimire chinthu cha mtundu womwewo mpaka pansi. Kenako kolamu iliyonse, ndiye kuti mzere wotsikawo, ikhale funso limodzi lomwe mungafunse munthu aliyense m'gulumo: dzina lake ndani, amakhala mudzi uti, wagula masheya angati, wapereka ndalama zingati. Pamene mzere ndi kolamu zakumana pali kabokosi, ndipo m'kabokosimo mulowe yankho limodzi lokha. Mapira ndi chitowe sitithira m'thumba limodzi ngakhale malo atsalemo, chifukwa tsiku logulitsa palibe amene angakuyezereni. Kabokosi kolembedwa kuti "10,000 koma 2,000 abweretsa Lachisanu" nkosatheka kuwonkhetsa, kaya ndi munthu kaya ndi makina. Lembani 8,000 imene yaperekedwadi, zinazo zipite ku kolamu yomaliza ya ndemanga.

Mukatsata zimenezi muona nokha kuti zimene mukulemba pa tsamba limodzi ndi matebulo atatu osiyana omwe mwawapanikiza pamodzi. Loyamba ndi la mamembala: nambala, dzina, mudzi, foni. Limeneli mumalemba kamodzi, silisinthasintha. Lachiwiri ndi la masheya, limene limadzaza msonkhano uliwonse. Lachitatu ndi la ngongole, ndipo ili ndi losiyana ndi enawo chifukwa mzere wake suimira munthu koma ngongole. Mayi amene watenga ndalama katatu chaka chino, kogulira mankhwala a thonje, kolipirira fizi, kokonzera mpanda wa mbuzi, akhale ndi mizere itatu, uliwonse ndi tsiku lotenga, ndalama yotenga, chiwongoladzanja, tsiku lobweza ndi zotsala. Kuunjika ngongole zitatu pa mzere umodzi ndi kumene kumabala mikangano pa nthawi yogawana, munthu akuti ndinabweza ijayi, mlembi akuti ayi munabweza inayo.

Chimene chimalumikiza matebulo atatuwa ndi nambala ya membala. Aliyense apatsidwe nambala yake, kuyambira 01 mpaka 25, ilembedwenso pa kabuku kake ka masheya, ndipo isasinthe mpaka mutagawana. Wina akatuluka m'gulu nambala yake ingokhala, musaipereke kwa wolowa kumene. Ndimaumirira pa nambala chifukwa cha mmene timaitanirana kumudzi. Munthu mmodzi lero mumlemba ndi dzina la mfunda, sabata yamawa ndi dzina la amuna ake, tsiku lina make uje potengera mwana. Inu mukudziwa kuti ndi munthu mmodzi, koma mlangizi ndi kompyuta yake awerenga anthu atatu. Pa tebulo la mamembala lembani dzina monga lilili pa chiphaso cha unzika, chilembo ndi chilembo, ngakhale a kalembera atalilemba mosiyana ndi mmene mumalitchulira.

Mitu ya makolamu ikhale yaifupi koma yonena muyeso. "Ndalama" payokha imakwana m'banki mkhonde chifukwa zonse ndi makwacha, koma ku kalabu ya thonje mutu wakuti "Zokolola" susonyeza ngati 12 ndi makilogalamu, mabelo kapena matumba, ndipo matumba nawonso sakhala ofanana. Muyeso ulembedwe kamodzi pamutu, pansi pake pakhale manambala okhaokha. Pamwamba pa tsamba pakhale dzina la gulu ndi tsiku, chifukwa chithunzi cha tebulo lopanda tsiku chimabwereranso patapita miyezi itatu, wina nkumati onani ndalama zanga zachepa.

Kanthu kena kamene anthu sakasamala ndi kusiyana kwa ziro ndi kabokosi kopanda kanthu. Amene wabwera koma sanagule sheya, lembani 0. Amene sanabwere, mulembenso 0 pa masheya, ndipo kujomba kwake kuoneke mu kolamu yakeyake. Kabokosi kosiyidwa choncho kamabweretsa mafunso: kodi sanapereke, kapena mlembi anaiwala? Komanso malo opanda kanthu ndi amene munthu wa mtima wina amadzadzazamo nambala kope likagona kwake.

M'kopemo manambala aziyambira kumanja, kuti ziro womaliza wa 10,000 akhale pamwamba penipeni pa ziro womaliza wa 4,000. Mukatero kuwonkhetsa kumaphweka ndipo nambala yolakwika imaonekera patali. Gwiritsani masamba awiri oyang'anana, mayina kumanzere kwenikweni, masabata akuyenda chakumanja. Masabata akadzaza, musakoperenso mayina 25. Dulani kachigawo ka m'mphepete mwa tsamba lotsatira kuti mukalitembenuza mayina aja azionekabe, monga amachitira aphunzitsi ndi kaundula wa m'kalasi. Mukalakwitsa, dulani nambalayo ndi mzere umodzi wokha kuti izionekabe, lembani yolondola pamwamba, inu ndi msungichuma musainire pambali. Kupaka zoyera zija kapena kufuta mpaka pepala kubooka kumangodzutsa kukayikirana.

Msonkhano usanathe wonkhetsani kawiri. Masheya onse akakhala 83, kuchulukitsa ndi K2,000 kukupatsani K166,000. Kolamu ya ndalama ikawonkhetsedwa chotsika iyenera kupereka nambala yomweyo, ndipo owerenga ndalama apeze yomweyonso pamphasa. Zitatuzi zikasiyana, bokosi lisatsekedwe ndipo anthu asabalalike. Kufufuza K2,000 yosowa tsiku lomwelo ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma pakapita miyezi isanu ndi umodzi ndi mlandu wa kwa amfumu.

Tsopano za Excel. Ziro akusowa chifukwa pulogalamuyi imatenga nambala ya foni ngati nambala yowerengera, ndipo pa masamu ziro wakutsogolo alibe ntchito, ndiye imamuchotsa. Manambala athu onse a m'manja amayamba ndi ziro, 099 kapena 088 mwachitsanzo, choncho vutoli limagwira aliyense. Mwana wanu asankhe kolamu yonse ya mafoni asanalembemo kanthu, apite pa Format Cells, asankhe Text. Kapena aike kachizindikiro aka ' kutsogolo kwa nambala iliyonse. Sikaoneka pa tebulo, koma kamauza Excel kuti isakhudze. Ziro amene wasowa kale sabwerera yekha mukasintha kukhala Text, muyenera kulembanso. Mukalemba nambala yoyamba ndi +265 osachita zimenezi, mtanda uja umasowa ndipo nthawi zambiri pamatuluka zachilendo zokhala ndi E+11 kumapeto. Mankhwala ake ndi omwewo. Kolamu ya manambala a chiphaso cha unzika nayo ikhale Text, ndipo muzikopera chiphasocho chili m'manja, chifukwa mumakhala zilembo ndi manambala zosakanikirana.

Kuchepa kwa ndalama zonse pamodzi ndikukayikira kuti gwero lake ndi chilembo K. Mukalemba K10,000 m'kabokosi, Excel imaona mawu, osati ndalama, ndipo powonkhetsa imangolumpha mwakachetechete osakuchenjezani. Chimodzimodzi mukaika chilembo O m'malo mwa ziro, ndipo kawirikawiri mukasiyanso mpata pakati, monga 10 000. Choopsa kwambiri ndi kadontho. Munthu akalemba 10.000 akutanthauza zikwi khumi, makompyuta ambiri kuno amawerenga 10 kwacha basi. Lembani 10000 yokhayokha, tizizindikiro ta koma (,) iike yokha pulogalamuyo mukasankha pa Format Cells. Pali njira yogwirira wakubayo ndi maso: Excel imakankhira manambala enieni kumanja kwa kabokosi, mawu kumanzere. Mukaona nambala imodzi yatsamira kumanzere pamene zinzake zili kumanja, ndi imeneyo. Ndiye chifukwa chake sindikonda chizolowezi choika zonse pakati kuti zikongole, chimabisa chizindikiro chimenechi.

Tinene kuti mitu ili pa mzere 1, anthu anu 25 ali pa mizere 2 mpaka 26, ndipo ndalama zili mu kolamu D. Pansi pake alembe =SUM(D2:D26) kuti iwonkhetse. Pambali pake alembe =COUNT(D2:D26), imene imawerenga timabokosi tokhala ndi manambala enieni. Ikapereka 25 zili bwino. Ikapereka 22, dziwani kuti anthu atatu ndalama zawo sizinawerengedwe. Ayang'anenso ngati SUM yafikadi pa mzere womaliza, chifukwa munthu akawonjezedwa pansi pambuyo pake, nthawi zina amatsala kunja. Timizere totere ##### tisakuopseni, tikungonena kuti kolamu yachepa, ikokeni ikule.

Masiku nawo amavuta. Makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa mwa chizolowezi cha ku America, komwe amayamba ndi mwezi, ndiye 03/04 imene inu mukuti 3 Epulo iyo imamva kuti 4 Malichi. Pa ngongole ya mwezi umodzi kusiyana kumeneko ndi ndalama. Alembe mwezi m'mawu achidule, monga 3 Apr 2025, ndipo aone chimene chatuluka.

Achinyamata akangodziwa Excel amathamangira kukongoletsa, ndipo apa ndikuchenjezeni zinthu ziwiri. Batani la Merge, lophatikiza timabokosi, lisagwiritsidwe ntchito mkati mwa tebulo. Limaoneka bwino, koma tsiku lomwe mlangizi afune kusanja mayina motsata alifabeti, Excel ikana. Mizere yopanda kanthu yosiya pakati kuti anthu a mudzi uno asiyane ndi a mudzi uwo nayonso imadula tebulo pawiri. Ikani kolamu ya mudzi m'malo mwake. Chachiwiri ndi kusanja komweko. Munthu akasankha kolamu ya mayina yokha nkudina Sort, mayina amasuntha koma ndalama zimatsala pomwe zinali, aliyense nkulandira ndalama za mnzake, tebulo likuonekabe laudongo. Excel imafunsa kaye, ndipo yankho loyenera ndi Expand the selection. Ndinaonapo mndandanda wa olandira thandizo utasokonekera mwa njira imeneyi, nambala ya chiphaso ya wina ili pa dzina la wina, ndipo anthu anabwezedwa pamzere dzuwa lili pamutu. Musanasanje, sungani kope lina la fayiloyo.

Zokongoletsa zofunikadi ndi zochepa. Mitu ikhale ya zilembo zakuda kwambiri, Freeze Panes igwire mzere wa mitu kuti usathawe mukamatsika, ndipo mitundu isakhale ndi tanthauzo palokha. Mukati ofiira ndi angongole, pepala likatuluka pa makina osindikiza zakuda zokha onse afanana. Ngati kompyuta palibe, Google Sheets, WPS Office ndi Excel yomwe zimagwira pa foni ya Android, ndipo anthu 25 ndi ochepa, zitheka. Mukapita kosindikiza pa Ngabu kapena pa Nchalo, auzeni agoneke pepala chopingasa ngati makolamu ndi ambiri, onse akwane pa tsamba limodzi m'lifupi, ndipo mitu ibwerezedwe pa tsamba lachiwiri. Yang'anani pa sikirini asanasindikize. Kwa mamembala tumizani PDF kapena chithunzi, zimene sizisinthika mwangozi. Fayilo ya Excel ipite kwa amene akufunika kugwira nayo ntchito basi.

Pa zotumizazi pali chinthu chimene sindingachilumphe. Tebulo lokhala ndi mayina, mafoni, manambala a ziphaso ndi ndalama za anthu ndi chuma kwa akuba a pa foni, aja amaimba ngati ndi a Airtel Money kapena Mpamba, kapena ngati a bungwe logawa thandizo. Munthu akakutchulani dzina lonse, mudzi ndi gulu lanu, nkosavuta kumukhulupirira. Uthenga wa pa WhatsApp suchedwa kutuluka m'gulu, ndiponso foni zambiri kumudzi zimagwiridwa ndi banja lonse. Pali amayi amene amuna awo sadziwa kuti asunga zingati, ndipo ali ndi zifukwa zawo. Choncho tebulo la mamembala lisaponyedwe pagulu. La masheya liziyenda ndi manambala a mamembala monga ndasonyezera pamwambapa, ndipo za ngongole muyambe mwagwirizana pamsonkhano ngati zizitumizidwa nkomwe. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri ya anthu, Data Protection Act la 2024, choncho muli ndi ufulu wofunsa alangiziwo kuti manambalawa akupita kuti ndipo akagwira ntchito yanji, komanso mamembala avomereze kaye. Kosindikiza kuja fayilo ifutidwe pa kompyuta yawo inu muli pomwepo.

Kope lisatayidwe chifukwa kwabwera Excel. Limeneli ndi limene anthu amasainira ndi kudinda chala, ndi limene amfumu angaliwerenge. Kungoti kuno madzi timawadziwa. Mu Januwale 2015, pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023, mabuku a magulu ambiri ananyowa kapena kupita ndi madzi. Lembani ndi bolopeni wamba, chifukwa inki yake simwazika msanga ikanyowa ngati ya zolembera zamadzimadzi zija, sungani kope m'jumbo yomanga bwino, ndipo tsamba lililonse likasainidwa lijambulidwe, chithunzi chikhale pa mafoni a anthu awiri osakhala nyumba imodzi.

Pali pena pomwe tebulo silingakuthandizeni. Mukakonza zonsezi koma ndalama za m'bokosi zikusiyanabe ndi za m'buku misonkhano iwiri kapena itatu motsatizana, musalimbane nazo nokha usiku, ndipo musasinthe nambala kuti zigwirizane. Nenani pamsonkhano, muitane amene anakuphunzitsani za banki mkhonde kapena alangizi a chitukuko cha m'midzi a dera lanu kuti awerenge nanu tsamba ndi tsamba. Chitaninso chimodzimodzi nthawi yogawana ikayandikira ngati simunawerengepo phindu la sheya imodzi. Gulu likadzakula nkufuna kulembetsa ngati kopaletivu, mabuku ake amafuna munthu wodziwa za akaunti, matebulo atatu aja sakwana.

Za alangizi a bungwe aja, musanalembe kanthu afunseni ngati ali ndi fomu yawo ya Excel. Mabungwe ambiri amakhala nayo, makolamu atasanjidwa kale mmene akufunira, chifukwa amaphatikiza magulu ambiri m'tebulo limodzi. Akakupatsani, musasinthe mitu, musawonjezere kolamu kapena kusuntha ina, mungodzaza. Akati alibe, apempheni akulembereni pa pepala makolamu amene akufuna, kuphatikizapo ngati dzina loyamba ndi la bambo zikhale m'makolamu osiyana, kuti mwana wanu asalembe anthu 25 kawiri.